Kodi moyo wa ku America wa m'ma 1950 unali wokoma ngati zithunzi zake?

Bambo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo ndaona kuti ndimuyankhe pano poyera chifukwa funso lake likutikhudza ambiri okonda zakale. Akuti anagula mulu wa magazini ndi mabuku akale a ku America kwa mnyamata wogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu. Muli zithunzi za magalimoto aatali onyezimira, mabanja akuonera kanema ali m'galimoto pabwalo, mabotolo a mkaka atasiyidwa pakhomo m'mamawa. Mawu ake ndi awa: "Ndikamayang'ana zithunzizi mtima umandiwawa ngati ndasowa kwathu, chonsecho ku America sindinapondeko. Kodi moyo umenewo unalidi wokoma chonchi? Nanga mabukuwa ndiwasunge bwanji, poti mapepala ake ayamba kuthetheka?"

Bambo, zikomo polemba, ndipo musachite nazo manyazi. Magalimoto amenewo anali okongoladi, inenso ndimawakonda. Tengani Chevrolet Bel Air ya 1957: utoto wamitundu iwiri, chrome kutsogolo ndi m'mbali, kumbuyo zipsepse zosongoka. Zipsepsezi zinayamba pa Cadillac ya 1948, potengera mchira wa ndege yankhondo ya P-38, ndipo pofika 1959 Cadillac inazitalikitsa mpaka kunyanya. Harley Earl, amene ankatsogolera okonza maonekedwe a magalimoto ku General Motors, kampani yopanga Chevrolet ndi Cadillac, ankafuna galimoto yaitali ndi yotsika, yoti munthu akaiona atembenuke khosi.

Chimene chimandikoka ine kwambiri chili pansi pa boneti. Mukatsegula mumapeza injini ya V8 itakhala pakati, mbali zonse pali malo oti mkono ulowe mpaka m'chigongono. Kabuleta ankaikonza ndi sikuludiraiva, makaniko atatchera khutu kumva mmene injini ikulirira. Munthu wamba ankasintha yekha mapulagi Loweruka masana pakhomo pake. Umboni wa kulimba kwake uli ku Havana, m'dziko la Cuba. Malonda pakati pa Cuba ndi America atatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, magalimoto atsopano a ku America anasiya kufika kumeneko, ndiye anthu anangopitiriza kukonza akale aja. Mpaka lero amanyamula anthu ngati matakisi, ngakhale ambiri anawaika injini za dizilo za makampani ena.

Komabe kukongolako kunali ndi cholinga chake. Alfred Sloan, bwana wamkulu wa General Motors, anazika chizolowezi chosintha maonekedwe a galimoto chaka ndi chaka, kuti amene anagula chaka chatha aone ngati yake yatha fasho. Zithunzi zambiri zimene muli nazozo ndi zotsatsa malonda, zojambulidwa dala kuti woona akhumbire. Ntchito imeneyo zikuigwirabe pa inu lero.

Magalimotowo ankaphanso anthu. Ambiri analibe malamba apampando. Lamulo lokakamiza makampani kuika malamba linayamba kugwira ntchito mu 1968, ndipo chigawo cha New York ndi chimene chinayamba kulamula anthu kuwamanga, mu 1984. Kutsogolo kwa dalaivala kunali chitsulo chokhachokha, chiwongolero chili pa mtanda wolimba woloza pachifuwa. Mu 2009 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety linawombanitsa dala Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Kanema wake ali pa YouTube. Yakale ija, ndi zitsulo zake zonse, inapindikira mkati mpaka pamene amakhala dalaivala, pomwe yatsopanoyo inaphwanyika kutsogolo kokha. Petulo wa nthawiyo analinso ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana, ndipo anauletseratu m'magalimoto a pamsewu mu 1996.

Tsono ndifike pa chimene ndikufuna mutenge kwa ine. Yang'ananinso nkhope za anthu a m'magazini anuwo. Ndikukhulupirira kuti pafupifupi onse ndi azungu. Munthu wakuda, ngati inu ndi ine, ankayenda m'misewu yomweyo ali ndi buku lina m'galimoto, limene simungalipeze m'zotsatsa malonda zimenezo.

Bukulo ndi The Negro Motorist Green Book. Analiyambitsa Victor Hugo Green, wogwira ntchito yonyamula makalata wa ku Harlem mumzinda wa New York, mu 1936. Kanali kabuku kakang'ono, ndipo m'zaka zoyambirira kankagulidwa masenti 25. Mkati munalibe nkhani zokometsera, munali mndandanda wa maina ndi maadiresi, chigawo ndi chigawo, tauni ndi tauni: hotelo imene ingakulandire, malo odyera amene sangakubweze pakhomo, ometa tsitsi, galaja, malo omwetsera mafuta. M'matauni opanda hotelo ya anthu akuda ankalembamo nyumba za mabanja amene anali okonzeka kugoneka mlendo. Maina ambiri Green ankawapeza kudzera mwa anzake onyamula makalata m'madera ena, poti wamakalata amadziwa khomo lililonse. Malo omwetsera mafuta a Esso ankagulitsa kabukuka, ndipo kampaniyo inali m'gulu la ochepa amene ankalola anthu akuda kuyendetsa malo oterewa.

Ganizirani banja likunyamuka ku Chicago kupita ku Los Angeles pa Route 66, msewu wotchuka uja umene unakhazikitsidwa mu 1926, wautali makilomita pafupifupi 3,900, wodutsa m'zigawo 8. Bambo ali ndi ntchito yabwino kufakitale, galimoto ndi yake, wagula ndi thukuta lake. Usiku wa dzulo lake mayi akazinga nkhuku ndi kuphika mazira, osati pofuna kusunga ndalama, koma chifukwa sakudziwa kumene adzaloledwe kudya. M'buti muli mabulangete, chigubu cha petulo wapadera, ndi chitini choti ana adzithandiziremo, poti ngakhale pamalo pamene wagula mafuta angakukanize chimbudzi. Matauni ambiri m'njira anali oti munthu wakuda asapezekemo dzuwa likalowa, ena mpaka ankaika chikwangwani polowera. Ndiye bambo amayendetsa akuwerengera makilomita ndi dzuwa, mayi atatsegula kabuku kaja pamiyendo.

Chimene chimandipweteka mtima koposa ndi chipewa. Amuna ena ankasunga m'galimoto chipewa cha dalaivala wolembedwa ntchito. Wapolisi akawaimitsa n'kufunsa kuti galimoto yabwino chonchi waitenga kuti, ankaloza chipewacho n'kunena kuti ndi ya bwana wawo mzungu, kuti mayiwa ndi wantchito wa m'nyumba amene akukamutula. Munthu kukana galimoto yake, kukana mkazi wake pamaso pa ana ake, kuti afike amoyo. Akuluakulu athu amene anaona nthawi ya chitaganya sangadabwe nazo, poti zaka zomwezo ku Lusaka anthu akuda ankagulira nyama pawindo la m'mbali mwa butchala, mpaka anayamba kunyanyala.

Ngakhale zinali choncho, galimoto inali ufulu kwa mabanja amenewa. M'basi ndi m'sitima za kum'mwera ankawakhazika kumbuyo kapena m'ngolo yawoyawo, koma m'galimoto yake munthu ankakhala kutsogolo. N'chifukwa chake ambiri ankalimbikira kugula galimoto yaikulu ndi yamphamvu, yoti agonemo zikavuta. Green mwiniwake analemba m'mawu oyamba a bukuli kuti akuyembekezera tsiku limene silidzafunikanso kusindikizidwa. Anamwalira mu 1960 tsikulo asanalione, ndipo mkazi wake Alma anagwira nawo ntchito yoliyendetsa. Lamulo loletsa tsankho m'mahotelo ndi m'malo odyera linabwera mu 1964, ndipo patangopita zaka zochepa bukuli linasiya kutuluka. Chomvetsa chisoni n'chakuti mahotelo ambiri a anthu akuda anagwa pambuyo pake, makasitomala awo atayamba kulandiridwa kwina. New York Public Library inajambula makope ambiri a bukuli, ndipo mungawawerenge ulere pa intaneti. Ndikukupemphani mutero, magazini anu aja ali pambali.

Kunena zoona, kwa mzungu wa ntchito ya m'fakitale zaka zimenezo zinali zabwino: malipiro a munthu mmodzi ankatha kugula nyumba ndi galimoto, petulo ali pafupifupi masenti 30 pa galoni. Zimenezo sindikuzitsutsa. Kungoti ubwinowo sunagawidwe kwa onse, ndipo ife tikanakhalako tikanakhala mbali ya kabuku kaja.

Za mapepala othetheka, vuto lili m'pepala momwemo. Mabuku otchipa a nthawiyo, monga a Pocket Books amene anayamba mu 1939 pa mtengo wa masenti 25, ankasindikizidwa pa pepala la mitengo yopera lokhala ndi asidi. Pakapita zaka pepalalo limasanduka lachikasu n'kuuma, ndipo kafungo konunkhira kamene mumamva mukatsegula buku lakale kamachokera ku kuwonongeka komweko. Kuliletseratu simungathe, koma mungalichedwetse. Musawasiye padzuwa kapena pafupi ndi denga la malata. Musawakhazike pansi kapena kuwatsamiritsa kukhoma, chifukwa chinyontho cha dzinja la ku Zomba ndi chiswe sizichedwa. Musawatsekere m'jumbo, amachita nkhungu. Selotepi ndiye ayi ndithu, guluu wake amalowerera m'pepala n'kusiya chipsera chofiirira chosachoka. Magazini muwagoneke chafufumimba, ochepa pa mulu uliwonse, ndipo buku limene chikuto chake chasosoka mulimange momasuka ndi kansalu ka thonje. Masamba amene mumawakonda kwambiri ajambuleni ndi foni masana pamthunzi, kuti muzitha kuwaonetsa anzanu popanda kutsegulatsegula magaziniwo.