Kampani ikhoza kulipira, koma makiyi ali ndi ndani?

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma bandulo inandithera. Mwafunsa ngati mungagone tulo popeza pulogalamu ya open source (yomwe code yake, malangizo olembedwa oiyendetsa, ili poyera kuti aliyense aitenge ndi kuisintha) imene mukufuna kumangirapo bizinesi yanu ili ndi kampani yaikulu kumbuyo kwake. Ena amene ayankha funso lanu m'munsimu akuti thawani, makampani amangoononga zinthu zaulere. Ine mbali zonse ziwiri sizikundifika pamtima.

Amene mukuti thawani, pulogalamu yopanda ndalama ili ngati mjigo wa pamudzi. Aliyense amatunga, koma tsiku limene mphira yatha aliyense amayang'ana kumbali. Mu Epulo 2014 kunatulukira vuto la Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene inkateteza mawu achinsinsi pa mawebusaiti ochuluka zedi padziko lonse. Anthu atasuzumira kukhitchini anapeza kuti zopereka zinkangofika madola pafupifupi 2,000 pachaka, ndipo woigwira ngati ntchito yake ya tsiku ndi tsiku anali munthu mmodzi. Manyazi atawagwira, Google, Microsoft, Facebook, Amazon ndi anzawo analonjeza madola 100,000 pachaka aliyense kwa zaka zitatu, kudzera ku bungwe la Linux Foundation.

Yoopsa kwambiri kwa ine ndi ya xz mu Malichi 2024. Kapulogalamu kofinya mafayilo aka kali pafupifupi mu Linux iliyonse (Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, makamaka maseva), ndipo kwa zaka zambiri kankasamalidwa ndi Lasse Collin yekha, osalipidwa, mpaka anatopa. Panabwera wina wodzitcha Jia Tan, wakhama, wooneka wothandiza. Anapirira zaka ziwiri ndi kuposa mpaka Collin anamukhulupirira, kenaka Jia Tan n'kubisamo khomo loti akuba azilowera m'maseva a anthu. Anamugwira bwanji? Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira za PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta, anangodabwa kuti SSH, njira yolowera mu seva uli kutali, ikuchedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi basi! Ambirife tikanangoti ndi netiweki. Ndipo taonani, amene anapulumutsa mudzi ndi munthu wa pa malipiro a kampani.

Ndiye ndalama n'zofunika. Vuto limabwera pamene chikwama chili chimodzi, ndipo mwini chikwamayo ndi amenenso wasunga makiyi a nyumba.

IBM inagula Red Hat mu 2019 pa madola 34 biliyoni. Mu Disembala 2020 kunalengezedwa kuti CentOS 8, Linux yaulere ya m'manja mwa Red Hat imene anthu ankayembekeza kuti isamalidwa mpaka 2029, itha kumapeto kwa 2021. Amene anali atangomaliza kuika maseva awo anayambanso kusamuka, ena ku Rocky Linux, ena ku AlmaLinux. Kampani ya HashiCorp inasintha laisensi ya pulogalamu yake ya Terraform mu Ogasiti 2023, anthu n'kutenga code yakale n'kupatuka nayo pa dzina la OpenTofu. Redis inachita zomwezo mu Malichi 2024, kunabadwa Valkey. Sindikunena kuti makampaniwa ndi afiti ayi. Amaona anzawo akuluakulu akugulitsa thukuta lawo pa cloud, maseva obwereketsa pa intaneti, osabweza kanthu, kwinaku eni masheya akufuna phindu. Koma inu amene mwamanga pamenepo zifukwa zawo sizikuthandizani.

Nanga bwanji Linux sizinaichitikire? Code yake yambiri imalembedwa ndi anthu olipidwa ndi Intel, Google, Red Hat, AMD ndi ena, koma umwini wake ndi womwazikana kwa anthu zikwizikwi pansi pa laisensi ya GPL. Palibe mmodzi amene angadzuke m'mawa n'kusintha loko. PostgreSQL nayonso ilibe kampani imodzi yoitcha yake. Mmodzi akachoka, mphika sugwa chifukwa mafuwa ena alipo.

Ine ndisanasankhe pulogalamu ndimatsegula GitHub, webusaiti imene anthu amaikapo code, n'kuona amene alembamo miyezi khumi ndi iwiri yapitayi. Ngati ma imelo onse akuthera pa dzina la kampani imodzi, ndimakhala tcheru. Kenaka ndimafufuza ngati wopereka code amasainitsidwa chikalata chija amati CLA. Zina mwa zikalatazi zimapatsa kampani mphamvu yosintha laisensi tsiku lililonse imene yafuna. Dzina la pulogalamu nalonso muone kuti lili m'manja mwa kampani kapena bungwe ngati Apache kaya Linux Foundation. Bungwe si mankhwala a zonse, pulogalamu ya Log4j inali pansi pa Apache pamene inavuta mu Disembala 2021 ndipo oisamala anali odzipereka ochepa chabe, koma bungwe silingakutsekereni chitseko.

Kwathu kuno nkhaniyi timaidziwa kale, kungoti chikwama chimakhala cha ma donor. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero, imapangidwa ku University of Oslo ndi thandizo la mabungwe angapo, ndipo ikugwira ntchito m'mayiko ambiri, n'chifukwa chake yakhalitsa. Koma ndinagwirapo ntchito pa bungwe lina, dzina ndisunge, pamene tinapanga sisitimu yabwino ndi ndalama za donor mmodzi. Code tinaiika poyera, aliyense akhoza kuitenga. Pulojekiti itatha, anyamata onse anayi anapeza ntchito kwina. Nditabwererako patatha chaka ndinapeza seva ili pansi pa tebulo, yozimitsa, pamwamba pake ataikapo ketulo ndi makapu. Laisensi inali yaulere ndithu, koma woidziwa panalibe.

Kotero achimwene, mangani, musaope. Kungoti deta yanu muziisunga m'njira yoti mukhoza kuinyamula n'kupita nayo kwina, ndipo muyeserere kusamukako kamodzi zinthu zili bwinobwino. Bizinesi ikayamba kubala, ikani kangachepe mu bajeti kothandizira pulogalamuyo, ngakhale kumangolipira mnyamata wanu maola ochepa pamwezi kuti azikonza tizolakwika n'kutumiza kwa eni ake. Tatchulani dzina la pulogalamuyo m'munsimu, ndikapeza mpata madzulo ano ndisuzumira kuti ndione amene akulembamo.