Za mlongo wanu wofuna kuphunzira zomangamangayo

Achemwali, mwafunsa ngati mlongo wanu apite kukaphunzira zomangamanga. Mafomu a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, akatuluka mlongo wanuyo alembe ndithu, koma mundimve kaye, chifukwa ine ndinadutsa njira yomweyo ndipo dzanja langa lamanzere mpaka lero silipinda bwinobwino. Ndikuona ena okuyankhani akungolemba kuti boma limalipira zonse, angonyamuka. Zonse ziti? Zoona, ukasankhidwa fizi imakhala yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya anzathu olowa paokha aja, ndipo aphunzitsi athu sindingawanenere choipa. Anatiphunzitsa kuwerenga pulani, kuimika ngodya ndi levulo, kusakaniza simenti ndi mchenga pa muyezo osati mongoganizira. Koma jombo, ovolosi, tepi, thiransipoti, lendi ya kumene akakhale nthawi ya atachimenti (yokaphunzira ntchito ku kampani), zimenezo konzekani nokha. Ndipo ku atachimentiko ndi kumene kuli nkhani.

Ine ndinagwera m'manja mwa kontilakita wina mu Lilongwe muno, dzina ndisiye, amadzidziwa yekha. Kunali kumapeto kwa 2023, kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala muja, simenti ikusintha mtengo m'mawa ndi madzulo. Bwanayo anachotsa amisiri ake ambiri ati ndalama zavuta, khoma lonse n'kutsalira ife ana a sukulu. Poyamba ndinali dakaboyi, wilibala tsiku lonse, kenako mwadzidzidzi ndasanduka mmisiri wathunthu, ntchito ya munthu wolipidwa, koma mwezi ukatha akukupatsa ya sopo, nayonso mochita kuilondola.

Tsikulo linali Loweruka, mvula itagwa usiku wonse. Timamaliza khoma la nyumba yosanja, pamwamba pa bimu. Sikafodi yake inali ya mapolo a bulugama, omangidwa ndi waya ndi misomali yokhota yozula m'matabwa akale. Mapolo awiri anali atamira m'matope, thabwa lopondapo lili ndi mng'alu woti chala kulowa. Ndinamuuza foromani m'mawa, pamaso pa anthu. Anaseka, amvekere ana a sukulu mumachuluka mantha, ife tinayamba kukwera musanabadwe. Ndiye anakwezetsa mabuloko pa thabwa lomwelo, ndowa za daka pomwepo, ine pomwepo. Ndinali nditangonyamula buloko kuti ndiike, ndinangomva thyoo! Kenako ndili pansi pa mulu wa kwale, mkamwa muli mchenga, buloko ija yanditsatira yandipeza pa dzanja. Chipewa cholimba ndinalibe, pa malo onsewo zinalipo zowerengeka zimene ankatulutsa kukabwera alendo. Nditayang'ana dzanja ndinaona lakhota pamalo posayenera kukhota, ululu usanayambe n'komwe.

Mawu oyamba a foromani uja mukudziwa anali otani? Anafunsa kuti mabuloko asweka angati. Mabuloko! Ine ndili gone pamenepo magazi akutuluka m'mutu. Lole ya kampani inali itaima pompo, dalaivala ali m'katimo, koma akuti dizilo ndi wosowa, sangawononge pa ulendo wa kuchipatala. Anzanga ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa geti ndi amene anasonkha ya kabaza. Mundiganizire pa njinga yamoto, m'mabampu, dzanja lothyoka ndaligwirizira ndi malaya. Mayi ameneyo Mulungu azimudalitsa kumene aliko.

Nditapita ku ofesi ndi chikhakha changa, bwana anandiuza maso ali gwa kuti iwe si wantchito wathu, ndiwe wa sukulu, dzina lako mulibe m'buku la malipiro. Pomanga khoma ndinali wawo, pothyoka ndakhala wa sukulu. Kenako anatulutsa buku langa la atachimenti m'dirowa n'kuliika pa tebulo, ati ukapita nayo patali nkhaniyi, ili sindisaina. Amene munadutsako mukudziwa kuti popanda siginecha imeneyo miyezi yonse ija yapita m'madzi. Ndinatuluka ndi siginecha, chipukuta misozi ayi ndithu, ngakhale ya panado. Munthu yemweyo Lamulungu amakhala kutsogolo ku tchalitchi, ndimamuona pa Facebook akupereka mphatso kwa ana amasiye. Zimandinyansa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti makampani amenewa lamulo limawalamula kupereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a umisiri la TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999. Ndiye ena amaona ngati popeza anapereka, ana a sukulu ndi antchito aulere oti abwezerepo ndalama yawo. Boma likamanga makoleji, liziyenderanso malo amene anawo akutumizidwa, mwadzidzidzi, osati kuimba foni kaye kuti zipewa zitulutsidwe.

Komabe apite. Ine lero ndimadya za manja omwewa, ndili ndi anyamata anga, ndipo anzanga ena a madigiri amandipempha ganyu yopenta. Makoleji a umisiri alipo: Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu, Livingstonia. Akapanda kusankhidwa kumeneko asataye mtima, kuli makoleji a m'madera aja anayamba mu 2015, ngati Ngara ku Karonga, afufuze ya m'boma lanu. Alimbikire mabuloko a simenti, chifukwa chiyambire malamulo a 2018 ntchito za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda salola njerwa zootcha, ndiye wodziwa njerwa zokha amangothera m'makomboni. Ngati ali ndi mutu wa masamu aphunzirenso kuwerengera zipangizo ndi kulemba koteshoni, pamenepo ndi pamene amisiri ambiri timaberedwa.

Za atachimenti, ayesetse kupeza kampani yaikulu yolembetsedwa, yokhala ndi sikafodi yachitsulo. Ngakhale kunena zoona ku makampani aakuluko mwana amatha chaka akungonyamula daka osagwirako chingwe, ntchito yeniyeni ine ndinaidziwira kwa foromani wankhanza yemwe uja, ngodya zake zinali zoongoka ngati za makina, pamenepo sindingamunamizire. Ndiye muona nokha. Akaona thabwa lokayikitsa akane kukwera, moyo ndi wake. Koma asakangane ndi foromani buku lisanasainidwe, anthu amenewa amasunga mangawa. Akavulala, lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito la 2000 lilipo, ofesi ya Labour ili m'boma lililonse, ajambule zithunzi za malowo tsiku lomwelo, asunge mapepala a kuchipatala, adziwitsenso aphunzitsi ake msanga.

Ndipo chipewa cholimba mumugulire nokha, achemwali, chikhale chake, alembepo dzina ndi penti chifukwa pa saiti amaba. Akamaliza asayambire kumanga nyumba za achibale pa ngongole, amalume anga mpaka pano sanamalize kundilipira ya khitchini.