Memori khadi ya pa wifi yogulitsa ikumafa msanga

Achimwene, mwafunsa za Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono, yomwe ikuyendetsa wifi yanu ya mavocha pa Limbuli, kuti memori khadi ikumafa pakangotha miyezi ingapo, ndipo mukuganizira chinyontho cha kuno ku Mulanje. Ine chinyonthocho sindikuchiloza chala. Khadiyo ikutha ndi kulembedwalembedwa, ndipo mukagula ina osasintha kanthu, nayonso ipita.

Flash, mtundu wa memori womwe uli m'khadimo, siifufuta kachilembo kamodzikamodzi. Kuti malo alembedwenso, pamafufutidwa chigawo chathunthu, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malire ake. Ya mtundu wa SLC imapirira kufufutidwa mpaka ka 100,000, pomwe TLC, yomwe ili m'makhadi ambiri otchipa, imathera pakati pa ka 1,000 ndi 3,000. Ndiye taganizani tsiku la msika: foni iliyonse ikangolumikiza, mzere walembedwa mu log (fayilo yosunga mbiri ya zomwe zikuchitika pa makina), ikachoka wina walembedwanso, kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Choyamba yatsani pulogalamu ya iotop muone ndi maso anu pulogalamu yomwe ikulemba kwambiri. Kawirikawiri ndi ma log. Ikani pulogalamu ya log2ram kuti /var/log, foda ya ma log, izikhala mu RAM (memori ya makina yosunga zinthu kwakanthawi), n'kumakoperedwa pa khadi kamodzi patsiku. Swap ya pa khadi, malo omwe makina amagwiritsa ntchito RAM ikadzaza, ithimitseni. Mu fayilo ya /etc/fstab onetsetsani kuti muli mawu oti noatime, apo ayi ngakhale kungowerenga fayilo kumatha kuchititsa kuti khadi ilembedwe.

Njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa zonsezi ndi Overlay File System, yomwe imayatsidwa mu raspi-config, pulogalamu yosinthira kagwiridwe ka Raspberry Pi. Khadi imangowerengedwa basi, zosintha zonse zimathera mu RAM. Koma apa chenjerani kwambiri: makina akazima, zonse za mu RAM zapita, kuphatikizapo mavocha omwe anthu alipira kale. Ndalama za makasitomala si zoseweretsa. Fayilo ya mavocha ikhale payokha pa SSD, disiki yosungira mafayilo, yolumikiza pa USB.

Musaiwale magetsi. Akazima khadi ili mkati molemba, mafayilo amasokonekera ngakhale khadiyo ili yatsopano, ndiye nyengo ya mvula ndi ziphaliwali ka UPS kakang'ono, kachipangizo ka batire kosunga magetsi, kadzakupulumutsani.

Pogula khadi sankhani yolembedwa kuti High Endurance, yokulirapo, ndipo musaidzaze kuti izitha kugawa ntchito ku zigawo zonse. Makhadi abodza ndi ambiri, choncho iyeseni kaye ndi pulogalamu ya H2testw. Mukamaliza kukonza zonse, koperani khadi yonse pa ina, muisunge m'dirowa ya pa shopu.