Mafelemu a mawilitcheya: titaniyamu ikulizani, aluminiyamu nayo ili ndi msampha wake

Achimwene, mwafunsa zogula mapaipi a titaniyamu kwa wogulitsa wina kuti mupangire mafelemu a mawilitcheya. Musapangire titaniyamu, ndipo ndalama ya mapaipiwo musatumize kaye. Zomwe ena akunena zoti titaniyamu ndi yopepuka kuposa aluminiyamu zandiwawa mtima, chifukwa bodza limeneli ndi lomwe ogulitsa amadyerapo ndalama za anthu. Aluminiyamu imalemera magalamu 2.7 pa cm³, titaniyamu 4.4 mpaka 4.5, chitsulo wamba 7.85. Mapaipi awiri ofanana kukula, ya titaniyamu ndiyo imalemera.

Ndiye mumufunse wogulitsayo kuti ndi giredi yanji. Ambiri amangolemba dzina la chitsulo basi, mtengo n'kuukweza, katundu akafika mupeza ndi Grade 2. Grade 2 imayamba kupindika pa 275 MPa (muyeso wa mphamvu ya chitsulo) kapena kupitirirako pang'ono, chimodzimodzi ndi aluminiyamu ya 6061-T6. Mwalipira kangapo konse, mwatenga chinthu cholemera, mphamvu yake ndi yomweyo. Yamphamvu imene anthu amaitama ndi Grade 5, yopitirira 830 MPa, koma imeneyo kuipinda kukhala felemu ndi ntchito yosautsa. Mapaipi a njinga ndi mawilitcheya amagwiritsa Grade 9. Wogulitsa akakana kupereka satifiketi ya EN 10204 3.1 (chikalata cha fakitale chotsimikizira mtundu wa chitsulocho), yokhala ndi nambala yofanana ndi yomwe yadindidwa pa paipi, musiyeni. Ndipo za rutile (mchenga wokhala ndi titaniyamu) wa ku Kasiya zisakunamizeni kuti mtengo utsika. Mchenga wotere wochuluka umathera ku utoto woyera, ndipo kuusandutsa chitsulo ndi ntchito ya mafakitale akunja.

Pomwe pamafera anthu ndi powotcherera. Titaniyamu ikatentha kupitirira madigiri 400 imayamba kumwa okosijeni ndi naitirojeni za mumpweya, n'kusanduka yosachedwa kuthyoka. Imafuna gasi wa argon wotchinga mpweyawo pamwamba, argon wina wotsatira kumbuyo kwa tochi mpaka izizire, ndi argon wodzadza m'kati mwa paipi, mbali zonse zitatsekedwa. Tsono mumapeza wowotcherera ali ndi makina a TIG (owotcherera ndi tochi ya magetsi ndi gasi), amawotcherera stainless tsiku ndi tsiku, akukuuzani kuti "bwana, chitsulo ndi chitsulo, siyirani ine." M'kati mwa paipi saikamo argon chifukwa akusunga gasi. Akupukuta ndi burashi yomwe wakhulira geti. Akugwira waya ndi manja amafuta. Joyinti ikutuluka ya buluu ndi pepo, yonyezimira, iye n'kumajambula ndi foni kuti onani luso. Mtundu umenewo ndi chizindikiro choti mpweya walowa. Joyinti yabwino imakhala ngati siliva kapena yachikasu pang'ono. Ya buluu njokayikitsa, ya imvi kapena yokhala ndi ufa woyera ndi yotaya.

Choopsa n'chakuti felemu yotereyi siipindika kuti ikuchenjezeni. Imaoneka bwinobwino, munthu akukwera miyezi ingapo, mng'alu ukuyenda m'kati momwe diso silifika. Tsiku lina akutsika pakhonde, tayala laling'ono la kutsogolo likumenya pansi, joyinti yogwira tayalalo ikuduka kamodzi n'kamodzi ngati mbale yadothi. Munthu woti miyendo yake singamutchinjirize akugwa chafufumimba pa simenti, mpando uli pamsana. Mukabwerera kwa wowotcherera uja akuti vuto ndi chitsulo chanu. Wogulitsa akuti vuto ndi wowotcherera, kenako foni sayankhanso. Kuwotcherera pamwamba pa joyinti yowonongekayo sikukonza kanthu, pamafunika kudula mbali yonse yomwe inamwa mpweya. Anthu ovomera ntchito imene sakuidziwa, podziwa kuti pakhala munthu wa ulumali, amandikwiyitsa kwambiri.

Pa lathe ndi pobowola mavuto enanso. Titaniyamu siitulutsa kutentha: Grade 5 ili pa 7 W/mK (muyeso wa mmene kutentha kumadutsira m'chitsulo) pomwe 6061 ili cha pa 167. Moto wonse umatsalira pa mpeni. Muyenera kuyenda pang'onopang'ono, mamita 30 mpaka 60 pa mphindi, mpeni wakuthwa, madzi oziziritsa ochuluka, ndipo drill isamangozungulira malo amodzi osadya chifukwa chitsulocho chimauma pomwepo. Zinyenyeswa zake zopyapyala zimagwira moto, ndipo motowo musathire madzi. Mchenga wouma kapena chozimitsira cha Class D (cha moto wa zitsulo).

Tengani aluminiyamu ya 6061-T6, koma maso akhale kuno. Aluminiyamu yambiri yopezeka m'mahadiweya ndi ya mawindo ndi zitseko, 6063-T5, yomwe imapindika cha pa 145 MPa. Ndi maso simungasiyanitse, ndipo ogulitsa ena amadziwa zimenezi bwino lomwe. Apanso satifiketi. Wina akakuuzani za aluminiyamu ya 7075 chifukwa imafika 500 MPa, dziwani kuti imeneyo siwotchereka, imang'aluka ikamazizira. Ndi ya tizigawo todula pa makina n'kumanga ndi mabawuti.

Kulimba kuti felemu isamagwedere kumachokera pa kukula kwa paipi. Pa muyeso wa kusagwedera, aluminiyamu ili pa 69 GPa, titaniyamu cha pa 110, ndiye paipi yofanana ya titaniyamu imalimba kuposa ndi 60 peresenti, kulemeranso kuposa ndi 65 peresenti. Palibe chimene mwapindula. Koma paipi ya aluminiyamu ya 25 mm yochindikala 2 mm mukaisintha kukhala ya 32 mm yochindikala chimodzimodzi, kulimba kumawirikiza kawiri n'kupitirira, kulemera kumangokwera ndi 30 peresenti.

Msampha wa 6061-T6 nawu: kuwotcherera kumachotsa T6 ija, kulimba komwe imapatsidwa mu ng'anjo ku fakitale. Mamilimita pafupifupi 25 mbali iliyonse ya joyinti amafewa, mphamvu yoduka nayo imatsika kuchoka cha pa 290 kufika cha pa 165 MPa. Kuti ibwerere, felemu yonse ilowe mu ng'anjo pa madigiri 530, iviikidwe m'madzi msanga, muiwongole pa jig (chimango chogwirira felemu) chifukwa imapotoka, kenako ikhale pa madigiri 175 kwa maola 8. Ngati ng'anjo yotere mulibe, werengerani felemu yanu pa mphamvu yofewayo: paipi yochindikala, timagaseti (tizitsulo tolimbitsa) pa makona, joyinti kutali ndi pomwe pamagwera katundu wambiri. Kapena funani aluminiyamu ya 7005, yomwe ikawotchereredwa imangofuna kutenthetsa kwapansi kokha. Makina akhale TIG ya AC, argon weniweni, waya wa 5356 kapena 4043, ndipo ngati mudzachita anodizing (kuikuta ndi magetsi kuti isadyeke) tengani 5356 chifukwa 4043 imada. Burashi ikhale ya stainless, yosakhudzapo chitsulo china, mupukute ndi acetone musanayatse.

Mabawuti a stainless mu aluminiyamu, pakafika chinyontho kapena mkodzo, amadya aluminiyamu pozungulira bowo. Pakani mankhwala oletsa kugwirana, ikani mawashala a nayiloni, ndipo pomwe bawuti ikudutsa paipi lowetsani kapaipi kakang'ono m'kati kuti isaphwanyike pomanga. Aluminiyamu imatopanso ikamagwedezeka kwa nthawi yaitali ngakhale katundu ali wochepa. ISO 7176-8, muyezo wa padziko lonse woyesera mawilitcheya, imayesa mpando pa magudumu ozungulira maulendo 200,000 ndi kuugwetsa maulendo 6,666. Pangani mafelemu awiri oyamba, muwaike matumba a mchenga a makilogalamu 100, muwazunze mpaka mupeze pomwe ayambira kung'aluka, musanadule mapaipi a ena onse.

Komanso ndinene, ngati mipandoyi ikupita kumidzi, ganiziraninso za chitsulo wamba. Chimalemera inde, koma chikathyoka wowotcherera wa pa trading centre aliyense akhoza kukonza ndi ndodo ya 2.5 mm, pomwe ya aluminiyamu iyenda ulendo wautali kufuna TIG. Ndipo akabwera kasitomala wa masewera amene ali ndi ndalama zake, titaniyamu ya Grade 9 ndi yabwino kwambiri, siichita dzimbiri, siifuna penti. Ingogulani felemu yowotcherera kale ku fakitale, inu mudzangoikapo matayala ndi mpando.