Yankho kwa kalipentala wofuna kupanga gitala yamagetsi yoyamba

Pa imelo pabwera funso kuchokera kwa m'bale wina wa ku Zomba. Akuti ndi kalipentala, amakhoma mipando ndi zitseko, ndipo Lamlungu amaimba gitala ku tchalitchi. Walemba kuti: "Ndili ndi thabwa la mbawa louma, sowo, pulena, tchizulo ndi dirilo, koma router ndilibe. Ndikufuna kupanga ndekha gitala yamagetsi. Ndiyambire pati, nanga zofunika kugula ndi ziti?"

Achimwene, thabwalo liyambe lapuma. Musalidule mpaka zitsulo zonse zitafika m'manja mwanu: briji (chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala), mapikapu awiri (maginito otola mawu a nsambo), makiyi 6 okungira nsambo, nut yomwe nsambo zimatsamirapo kumutu, mapoti awiri (makono okwezera ndi kusinthira mawu), switchi, jaki yolowetsamo pulagi, kachitsulo kakumbuyo kwa khosi ndi masikuluu ake 4. Zitsulo za makampani osiyana sizifanana miyeso. Briji yooneka bwinobwino pa chithunzi itha kukhala ndi mabowo osagwirizana ndi pulani yomwe mwatenga pa intaneti, ndipo dzenje mukakumba silibwerera. Muyeso uliwonse muziutenga pa chitsulo chenichenicho.

Poyamba tsanzirani gitala yotchedwa Telecaster. Leo Fender anaitulutsa mu 1950 ku Fullerton, California, poyamba ndi mayina a Esquire ndi Broadcaster, ndipo anaikonza dala kuti ikhale yosavuta kupanga: thupi lake ndi thabwa lafulati, khosi limamangidwa ndi masikuluu, mutu supendekera kumbuyo. Pa mitundu ina ya magitala, Les Paul imafuna kusema pamwamba ndi kumata khosi mopendekeka, Stratocaster imafuna dzenje la masipuling'i kumbuyo. Zimenezo zidikire gitala yachiwiri.

Mbawa yanuyo ndi mtengo wabwino kwambiri. Ndi womwe opanga magitala kunja amautchula African mahogany. Thupi likufuna thabwa la mamilimita 44 mpaka 45 kuchindikala, 330 mulifupi ndi 420 mulitali. Ngati thabwa ndi lopapatiza, lumikizani zidutswa ziwiri ndi guluu wa matabwa, mupane usiku wonse, ndipo mzere wolumikizirawo ukhale pakati penipeni pa gitala. Paini nayenso amatheka ku thupi, ma Esquire oyambirira ena anali a paini, kungoti sachedwa kubooka akagundidwa. Bulugamu musamuyandikire ku khosi, amapotoka.

Mawu oti "louma" amanamiza. Thabwa louma mokwanira chitseko likhoza kukhala losauma mokwanira khosi la gitala. Amisiri akunja amafuna chinyezi cha 6 mpaka 8 pa 100. Ngati mulibe choyezera, lowetsani thabwalo m'nyumba, muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba ndi pensulo pathabwa pomwepo. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata atatu kapena anayi, lakhazikika.

Za khosi ndinena mosabisa: pa gitala yoyamba gulani lopangapanga, kapena chotsani pa gitala yakale yomwe thupi lake linawonongeka. Ntchito yovuta yambiri ili m'khosimo. Mukapeza lakale, liyang'aneni kuchokera kumutu monga mumayang'anira thabwa mukamapala. Kupindika pang'ono kutsogolo kumakonzeka ndi truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi chomwe chimaliwongola, koma lopotoka ngati chingwe ndi nkhuni basi. Yesaninso truss rod yo ngati ikutembenuka.

Komabe poti ndinu mmisiri, mwina simumva. Ndiye gwirani manambala awa. Mtunda wochoka pa nut kukafika pomwe nsambo yatsamira pa briji ndi mamilimita 648 pa magitala a Fender, ndipo pafupifupi 628 pa a Gibson. Gawani 648 ndi 17.817, mupeza 36.4: apo ndi pa fureti yoyamba (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi tomwe nsambo imagunda mukaidina). Chotsani 36.4 pa 648, chotsalacho mugawenso ndi 17.817, mwapeza mpata wa fureti yachiwiri, n'kumapita choncho. Mukawerengera bwino, kuchoka pa nut fureti yachiwiri igwa pa 70.7, yachitatu pa 103.1, yachisanu pa 162.5, ya nambala 12 pa 324, theka lenileni. Ikapanda kugwa pa 324, mwasochera penapake. Poika zizindikiro, fureti iliyonse muziiyeza kuchoka pa nut, chifukwa kuyeza kuchoka pa fureti inzake kumaunjika tizolakwa mpaka kumunsi mwasemphana ndi milimita yathunthu. Lembani ndi nsonga ya mpeni pa rula yachitsulo. Mzere wa pensulo ndi wonenepa kwambiri pa ntchito imeneyi.

Ming'alu ya mafureti imafuna sowo yodula mamilimita 0.6. Sowo wamba imadula motambalala, fureti imangokhala khwekhwerere n'kumadzuka. Imeneyi ndi imodzi mwa zida zochepa zoyenera kuitanitsa. Thabwa la mafureti likhale la mtengo wolimba, mamilimita 6, ndipo mudule ming'alu likadali lamakona anayi, musanalichepetse m'mbali. Kenako pamwamba pake pamazungulitsidwa pang'ono, Fender zambiri zamakono zili ndi radiyasi ya mainchesi 9.5. Truss rod musaisiye. Nsambo za saizi 10 mpaka 46 zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40 usana ndi usiku, ndipo Fender yemwe anayamba kuika chitsulochi makosi a ma Esquire oyamba atapindika. Gulani yotembenukira mbali zonse ziwiri, chifukwa imangofuna ngalande yowongoka, kawirikawiri mamilimita 6 mulifupi ndi 9 kapena 10 kuya. Phimbani ngalandeyo ndi kaselotepi kopapatiza musanamate thabwa la mafureti, guluu akalowamo chitsulo sichitembenukanso.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Mukakhoma mafureti mu Januwale mvula ili mkati, pofika Okutobala thabwa lidzafota pang'ono koma chitsulo ayi, ndiye nsonga za mafureti zidzatuluka m'mbali n'kumakanda zala. Ntchito imeneyi ndi ya nthawi yadzuwa. Mukatha kukhoma, pakani inki ya maka pamwamba pa mafureti onse, mudutsepo ndi chitsulo chowongoka chomatidwa sandipepala wa 320. Inki ikachoka paliponse, alingana. Kenako fureti iliyonse muibwezere msana wake wozungulira ndi tupa, kusiya kamzere kochepa ka pakati.

Tsopano thupi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amayambira kumchira. Amathamangira kudula maonekedwe okongola, kenako n'kumavutika kuti khosi likhale bwanji. Inu jambulani mzere wapakati pa thabwa likadali lamakona anayi, ndipo choyamba kukumba chikhale dzenje la khosi. Pa Telecaster limakhala mamilimita 16 kuya, pafupifupi 56 mulifupi ndi 76 mulitali, koma inu tsatirani khosi lomwe muli nalo: liikeni pa mzere wapakati, panani timatabwa tiwiri towongoka m'mbali mwake ndi kena kumapeto, chotsani khosi, timatabwato tatsala ngati malire. Popanda router, makina okumbira maenje m'thabwa, chotsani nyama yambiri ndi Forstner bit (biti yoboola dzenje lafulati pansi) pa dirilo, mutamata kaselotepi pa bitiyo kuti isapitirire 14, ndipo mamilimita awiri otsalawo mumalize ndi tchizulo chakuthwa. Pansi pa dzenjeli pakhale fulati ndithu. Kachitunda kakang'ono pakati kamapendeketsa khosi, ndipo nsambo zidzakhala kumwamba kapena zidzagona pa mafureti, briji n'kulephera kuwongola. Khosi lizilowa mokankha ndi dzanja, osati ndi hamala. Likalowa bwino mutha kunyamula thupi lonse pogwira khosi, masikuluu musanamange.

Mabowo a masikuluu: m'thupi boolani mamilimita 4.5 kuti sikuluu izidutsa momasuka, m'khosi 3 kuti igwire. Sikuluu ikaluma matabwa onse awiri, khosi silikokedwa n'kukhala pansi, pamatsala mpata. Yezaninso kuya, kuti nsonga isakatulukire pakati pa mafureti.

Briji imaikidwa khosi litamangidwa. Yezani kuchoka pa nut kufika pakati pa fureti ya 12, muwirikize kawiri, mulembe mzere wopingasa pathupi. Sunthirani tizitsulo ta pa briji totsamira nsambo kutsogolo, cha kukhosi, kusiya mamilimita awiri kapena atatu oti tingapitenso, ndipo ka nsambo yaing'ono kakhale pa mzerewo. Pokonza mawu tizitsuloti timabwerera m'mbuyo, ka nsambo yaikulu kamatha kubwerera 3 mpaka 5, choncho malo ambiri akhale kumbuyo. Musanaboole, kokani ulusi uwiri kuchoka pa ming'alu iwiri yakumapeto ya nut kukafika pa briji, muone ngati ulusi uliwonse watalikira mofanana ndi m'mphepete mwa khosi pa fureti yomaliza, pafupifupi mamilimita 3 kapena 4. Mukaphonya apa, nsambo yaing'ono izidzagwera kunja nthawi iliyonse mukaikankha. Telecaster yeniyeni nsambo zimadutsa m'thupi, zomwe zimafuna mabowo 6 owongoka bwino. Ndi dirilo yapamanja amatulukira kumbuyo ali balala. Gulani briji yolowetsera nsambo pamwamba, nkhani yatha.

Maenje a mapikapu ndi a mapoti si odetsa nkhawa, amabisika pansi pa pulasitiki ndi zitsulo. Mukatha amenewo dulani maonekedwe, mupale ndi tupa. Apa ndinu aphunzitsi, sindikuuzani kanthu. Chokhacho musaiwale kabowo kochoka pansi pa briji kupita ku dzenje la mapoti.

Kabowo kameneko ndi ka waya wa ethi. Waya ameneyu amagunda briji, briji imagunda nsambo, ndipo ndi chifukwa chake phokoso lija la "hmmm" limachepa mukagwira nsambo. Likamakula mukagwira, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti mawaya a pa jaki mwawatembenuza: wa mawu amapita ku nsonga ya pulagi, wa ethi ku thunthu lake. Mapikapu a koyilo imodzi amayenda ndi mapoti a 250k ndi capacitor ya 0.047, a makoyilo awiri (humbucker) ndi a 500k ndi ya 0.022. Soldering iron ikhale ya mawati 40. Yofooka imakuchedwetsani pamsana pa poti mpaka zam'kati zimapsa mtovu usanagwire. Palani pamsanapo ndi sandipepala, pakani mtovu pa poti ndi pa waya padera, kenako muzikumanitse kwa masekondi ochepa. Polumikiza pabwino pamawala, pa mbuu ngati phulusa pamadzavuta. Yalani tepi ya kopa m'maenje n'kuilumikiza ku ethi, phokoso lichepa, ngakhale pikapu ya koyilo imodzi siitheratu kutola kulira kwa magetsi athu a 50 Hz. Chenjezo limodzi: poti nsambo zalumikizidwa ku ethi ya ampulifaya, ampulifaya yolowetsedwa pa soketi ndi mawaya awiri opanda ethi itha kukugwiritsani shoko kudzera m'nsambo, makamaka mlomo ukagunda maikolofoni. M'matchalitchi ambiri zoterezi zilipo, konzani pulagiyo.

Mangani gitala yonse, muiimbe isanapakidwe kanthu. Cholakwika chikapezeka pano chimakonzeka popanda kulira. Mukakhutira masulani zonse, mukweche ndi sandipepala wa 120, 180, 240 mpaka 320 motsata mitsempha ya thabwa. Mbawa ili ndi timabowo tambiri, ndiye ngati mukufuna kuwala kwa galasi yambani mwatseka timabowoto ndi grain filler, apo ayi vanishi azingomira. Njira yosavuta ndi mafuta a matabwa opaka ndi kansalu mopyapyala, kamodzi patsiku, kasanu kapena kupitirira. Tinsalu ta mafuta a linseed musatiunjike pakona, timatha kuyaka tokha, tiyanikeni panja. Lacquer wopopera kunja kuli chinyezi amachita mbuu ngati mkaka, ndipo amafuna masabata atatu kapena anayi asanapukutidwe. M'dzenje la khosi musalowe penti.

Chomaliza ndi kuikonza kuti iziimbika, ndipo ndondomeko yake siisinthidwa. Kungani nsambo. Dinani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi yomaliza, muone mpata pa fureti ya 8: ukhale mamilimita 0.25, ngati kuchindikala kwa nsambo yaing'ono ija. Ukachuluka mangani truss rod, ukasowa masulani, kota ya kutembenuza basi, n'kudikira khosi likhazikike. Kenako kwezani kapena tsitsani briji mpaka pa fureti ya 12 nsambo yaikulu italikire mamilimita 2 ndipo yaing'ono 1.6. Onaninso nut: mukadina pa fureti yachitatu, pakati pa nsambo ndi fureti yoyamba patsale kampata kongolowa pepala. Nut yokwera ndi yomwe imapangitsa kuti makodi oyambirira azimveka okwera ngakhale tyuna ikuti zonse zili bwino. Mukatero yerekezani mawu a nsambo yosadina ndi a pa fureti ya 12. A pa fureti ya 12 akakwera kupitirira pa tyuna, bwezani kachitsulo ka pa briji m'mbuyo, akatsika kasunthireni kutsogolo. Mapikapu akhale mamilimita 2 mpaka 2.5 pansi pa nsambo mutadina fureti yomaliza, chifukwa mukawayandikitsa kwambiri maginito amakoka nsambo n'kusokoneza mawu. Pakatha masabata awiri kapena atatu yezaninso mpata wa pa fureti ya 8, khosi latsopano limasuntha likayamba kusenza nsambo.