Vinyo anasinthadi mbiri ya dziko? Yankho kwa aphunzitsi a ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale ku Dedza. Akuti anatsutsana ndi mnzawo pa nthawi yopuma. Mnzawoyo ankati vinyo anasintha mbiri ya dziko lapansi, iwo nkumati zimenezo nzonena zidakwa pofuna kudzikometsera. Mafunso awo ndi awiri: "Chakumwa choledzeretsa chingasinthe bwanji mbiri? Nanga bwanji masese athuwa sanasinthe kalikonse?"

Aphunzitsi, pepani, apa mnzanuyo walasa. Koma pa funso lanu lachiwirilo mpamene pagona nkhani.

Masese mukafulula lero, pakatha masiku owerengeka asasa. Chimanga, mapira ndi mawere zimalimidwa paliponse, choncho mudzi uliwonse umadzifululira wokha, ndipo palibe angakweze mbiya ya masese m'chombo kukagulitsa kutsidya kwa nyanja. Vinyo ndi wosiyana. Mukamutsekera bwino amatha zaka, ndipo mphesa zake sizichita bwino paliponse. Amene alibe ayenera kugula kwa amene ali nazo. Pamenepo mpamene pamabadwira zombo, misonkho, mapangano a mafumu, ndi anthu ogwiritsidwa ntchito mokakamiza. Mphamvu ya vinyo pa mbiri sinali m'mutu mwa womwa ayi, inali mumtsuko.

Mitsuko yakale kwambiri yokhala ndi zotsalira za vinyo inapezeka m'dziko la Georgia, ndipo ndi ya zaka pafupifupi 6000 Yesu asanabadwe. Ku Egypt, m'manda a mfumu Tutankhamun munali mitsuko yolembedwa chaka chokolola, munda wake, ndi dzina la wofulula. Taonani, zolembalemba za pabotolo zija sizinayambe dzulo.

Agiriki atamanga doko la Massalia, lomwe lero ndi Marseille, cha m'ma 600 Yesu asanabadwe, vinyo anayamba kulowa mkati mwa dziko la Gaul, lomwe mbali yake yaikulu lero ndi France. Ku Vix, kumpoto kwa Burgundy, m'manda a mayi wina wolemekezeka anafukula chimphika chamkuwa chosakanizira vinyo, chachitali kuposa mita imodzi ndi theka, cholowa malita oposa 1,000. Chinachokera kwa Agiriki. Patapita zaka mazana angapo, wolemba mbiri Diodorus anati amalonda a ku Italy ankalandira kapolo mmodzi pa mtsuko umodzi wa vinyo. Mwina anawonjezera mchere, koma mfundo yake ikumveka: amalonda anatsogola, asilikali a Julius Caesar anabwera pambuyo, njira zitalambulidwa kale.

Ufumu wa Roma utagwa, minda yamphesa siinafe nawo, ndipo Mpingo unathandiza kwambiri. Misa siyichitika popanda vinyo. Amonke a ku Burgundy anasamala minda ngati Clos de Vougeot kwa zaka mazanamazana, ndipo ansembe a ku Spain atafika ku Mexico, Peru ndi California, anabzala mphesa pambali pa tchalitchi.

Koma nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Angerezi. Iwo ankamwa kwambiri koma dziko lawo silinkatulutsa vinyo wokwanira. Mu 1152 Eleanor wa ku Aquitaine anakwatiwa ndi Henry, amene patapita zaka ziwiri anakhala mfumu ya England, ndipo mzinda wa vinyo wa Bordeaux ku France, umene unali m'dera la Eleanor, unakhala m'manja mwa mafumu a England mpaka 1453. Zombo zonyamula vinyo zinkayenda zambirimbiri, moti kukula kwa chombo ankakuyeza powerenga migolo ya vinyo imene chingasenze. Mawu oti "tani" amene timawamva pogulitsa chimanga anachokera ku dzina la mgolo umenewo.

Angerezi atayamba kumenyana ndi Afalansa kawirikawiri, anayang'ana ku Portugal. Pangano la Methuen la mu 1703 linati nsalu za ubweya wa nkhosa za ku England zizilowa ku Portugal, pomwe vinyo wa ku Portugal azilipira msonkho wotsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi wa ku France. Mu 1817 katswiri wa zachuma David Ricardo anagwiritsa ntchito chitsanzo chomwechi, cha vinyo ndi nsalu, pophunzitsa kuti dziko lililonse lizipanga chimene limatha bwino, nkugula zinazo kunja. Chiphunzitsochi chidakali m'mabuku a zachuma mpaka lero. Ine ndikayang'ana mathero ake, England inadzaza ndi mafakitale, Portugal nkutsalira ndi minda. Ife ogulitsa fodya nkumavala kaunjika, nkhani imeneyi si yachilendo m'makutu mwathu.

Tsopano tibwere kufupi. Jan van Riebeeck anafika ku Cape, ku South Africa wa lero, mu 1652 kudzakhazikitsa malo oti zombo za kampani ya Adatchi zizitengerapo chakudya ndi madzi. Pa 2 February 1659 analemba m'buku lake kuti tsiku limenelo afinya vinyo woyamba wa mphesa za ku Cape. Mu 1685 Simon van der Stel anatsegula munda wa Constantia, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, amene anakakhala kumene lero timati Franschhoek. Vinyo wa ku Constantia anatchuka mpaka Napoleon ankamumwa ali mu ukaidi pachilumba cha St Helena.

Nanga ankalima, kutengulira ndi kukolola ndani? Akapolo, ochokera ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi Mozambique. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, eni minda anapitiriza kulipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, kangapo patsiku. Ankautcha mchitidwewu kuti dop. Munthu amene wamuzoloweza kumwa kuyambira m'mawa sachoka pamunda pako ndipo safunsa za malipiro. Lamulo linaletsa izi cha m'ma 1960, komabe m'mafamu ena zinapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo dera la Western Cape lidakali pakati pa madera a padziko lapansi okhala ndi ana ambiri obadwa ndi vuto chifukwa cha mowa umene mayi ankamwa ali oyembekezera. Abale athu amene amagwira maganyu m'mafamu a ku Stellenbosch ndi Paarl akuponda nthaka ya mbiri imeneyi. Ndiye aphunzitsi, mukamadana ndi vinyo, pano pokha ndili kumbali yanu.

Chomaliza nchimene chingakudabwitseni. M'zaka za m'ma 1860 vinyo wa ku France ankawonongeka m'migolo: kusasa, kuwawa, kapena kunanda ngati therere. Malonda anali pachiswe, ndipo mu 1863 mfumu ya ku France Napoleon III inapempha wasayansi Louis Pasteur kuti afufuze. Pasteur anapita ku Arbois, kwawo kumene anakulira, nayang'ana madontho a vinyo pa makina okuza zinthu. Anapeza kuti chomuwononga ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kuti ukamutenthetsa pang'ono, osafika powira, tizilomboto timafa koma kukoma kumatsala. Mkaka wa m'paketi umene mumathira m'tiyi nawonso umatenthetsedwa kuti tizilombo tife. Dokotala wina wa ku Glasgow, Joseph Lister, atawerenga za ntchito ya Pasteur pa kuwira ndi kuwola kwa zinthu, anaganiza kuti zilonda za opaleshoni nazonso zimawola ndi tizilombo totere, ndipo mu 1867 anafalitsa njira yake yotsukira zilonda ndi zipangizo.

Mu imelo yanu munanenanso kuti kumpingo kwanu simugwiritsa ntchito vinyo pa mgonero. Nazonso zili ndi chiyambi chake. Mu 1869 dokotala wa mano wa mpingo wa Methodist ku Vineland, m'chigawo cha New Jersey ku America, dzina lake Thomas Welch, sankafuna kuona choledzeretsa pagome la Ambuye. Vuto linali loti madzi a mphesa ukawasiya amawira okha nkusanduka vinyo. Anatenga njira ya Pasteur ija, natenthetsa madziwo m'mabotolo kuti asawire, nkupita nawo kutchalitchi. Poyamba akumpingo kwawo sanachite nawo chidwi.