Nkhukuyo landirani, koma kawerengeni masiku a holide

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, amene amagwira ntchito pa tili m'sitolo ina yaikulu m'tauni. Akuti mwezi wonse wa Disembala amaimirira kuyambira m'mawa mpaka usiku, mzere wa ogula osatha, koma mabwana atawaitana kuti awathokoze anawapatsa nkhuku imodzi ya mufiriji, kapaketi ka mpunga ndi kapepala kogulira zinthu m'sitolo momwemo. Akufunsa kuti: "Kodi tikane mphatsozi kuti aone kuti takwiya? Nanga bonasi si ufulu wathu?"

Achemwali, nkhukuyo landirani, ana adye. Mukaikana ibwerera mufiriji, mawa igulitsidwa, ndipo amene mudzaiwerengere mtengo pa tili ndinu nomwe. Kapepalako ndiye kamandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndalama yake sichoka pakhomo la sitolo. Inu mumakagwiritsa ntchito pa mtengo wa pa shelefu, pamene iwo katunduyo anapikula motchipa. Makolo athu atabwera kuno kuchokera ku Nyasaland ankalandira poso wa ufa, nyemba ndi mchere m'mafamu ndi m'migodi, malipiro enieni ali ochepa. Zaka zapita, koma mtima wolipira munthu ndi chakudya sunathe.

Za bonasi ndikuuzani zosakoma. Lamulo la ntchito la dziko lino, Labour Act, silikakamiza bwana aliyense kupereka malipiro a mwezi wa 13. Timaona ogwira ntchito m'boma akulandira kumapeto kwa chaka, n'kumaganiza kuti ndi za tonse. Bonasi imasanduka ngongole ya bwana pokhapokha ngati inalembedwa m'kontirakiti yanu kapena m'mgwirizano wa malipiro wa gawo lanu la ntchito. Katengeni kontirakitiyo muiwerenge. Ngati mulibe mawu amenewo, pamenepo musatayepo mphamvu.

Ndalama yanu ili kwina. Ndime 14C ya lamulo lomweli imati wantchito akavomera kugwira ntchito pa tsiku la holide ya boma, alipidwe ndalama zosachepera kawiri malipiro a tsikulo. Tawerengani nokha: pa 22 Disembala ndi Unity Day, kenako pa 25 ndi pa 26, kenako pa 1 Januwale. Masitolo ambiri amatsegula ena mwa masiku amenewa chifukwa ndi pamene malonda amatentha. Ndime yomweyo imati sabata iliyonse mupume maola 24 osadukiza. Ngati mwezi umenewo munagwira ntchito masabata osapuma, kapena holide inalipidwa ngati Lachiwiri wamba, ndalama imene munasiya m'thumba la bwana ikhoza kuposa nkhuku ija kangapo.

Muyang'anenso giredi yanu. Malipiro ochepetsetsa a m'masitolo samachokera m'mutu mwa manijala. Amakambidwa ku National Employment Council for the Commercial Sectors (NEC), komwe olemba ntchito amakhala pansi ndi bungwe la antchito, ndipo ntchito iliyonse ili ndi giredi yake. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu amagwira ndalama pa tili, ikasowa amamudula pa malipiro, koma pa pepala analembedwa ngati wonyamula makatoni. Pepala la malipiro lija musamakulungire mandazi. Limaonetsa giredi, ovataimu, ndi zimene akudulani za NSSA, bungwe la boma loona za penshoni. Anzanu amene amatchedwa aganyu adziwenso kuti munthu akagwira ntchito kwa bwana mmodzi kupitirira masabata 6 m'miyezi 4 yotsatizana, lamulo silimuonanso ngati waganyu.

Mabwana adzakuuzani kuti zinthu zavuta, ndipo sikuti akunama kotheratu. Kuyambira pamene ZiG, ndalama ya dziko lino, inabwera mu Epulo 2024, masitolo akuluakulu ankakakamizidwa kutsata mtengo wa boma wosinthira ndalama, pamene timasitolo ting'onoting'ono (matakishopu) ta kumunsi kwa tauni tinkagulitsa ndi madola okhaokha, ndipo ogula anathawira kumeneko. Koma mu Seputembala chaka chomwecho ZiG itagwetsedwa ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi, amene analira kwambiri ndi wantchito wolandira gawo la malipiro ake mu ZiG, pamene mwini nyumba ndi kondakitala wa minibasi (kombi) akufuna madola. Mitengo ya pa shelefu inasinthidwa msanga. Malipiro anachita kudikira msonkhano.

Mantha anu ndikuwamva. Palibe amene waiwala Julayi 2015, pamene khoti la Supreme linagamula mlandu wa kampani ya mafuta ya Zuva Petroleum ndipo anthu masauzande anachotsedwa ntchito pongopatsidwa notisi ya miyezi itatu, mpaka Nyumba ya Malamulo inachita kusintha lamulo. Enafe tilinso ndi mantha ena otengera kwa makolo, oti ndife obwera, tisamalankhule kwambiri. Zimenezo zisiyeni. Lamulo la ntchito silifunsa kumudzi kwa agogo anu.

Komabe musalowe nokha mu ofesi ya manijala muli wokwiya. Gulani kakope, muzilemba tsiku, nthawi yolowa ndi nthawi yotuluka, ndipo anzanu a pa matili ena achite chimodzimodzi. Nkhaniyo ipite kudzera ku komiti ya antchito, ngati ilipo, kapena ku Commercial Workers Union of Zimbabwe. Akakana kumva, ku NEC kuja kuli maofesala amene ntchito yawo ndi kumva madandaulo otere, ndipo mukapita mutenge kontirakiti, mapepala a malipiro ndi kakope kaja. Lamulo limapereka zaka ziwiri zoti dandaulo likafike kumeneko, choncho maholide a chaka chatha nawonso muwawerengere limodzi.